Tambula Ilibe Nkhope Yakeyake

Mayi Nachuma abwera ndi mabotolo atatu m'jumbo,
vinyo wa chidede wofulula okha ku Matawale,
ndi matambula awiri obwereka kwa mlamu wawo.
Akuti, "Mundijambulire, aoneke wapamwamba,
alendo okwera ku Chawe asamangondidutsa."

Ndinayamba monga ayambira wina aliyense:
nyale kutsogolo, ng'aniii!
Tambula inandibwezera chipongwe changa:
kadontho koyera pamimba pake ngati diso la usipa wouma,
vinyo bii, ngati oyilo wotsitsa m'minibasi,
ndipo pakatikati, wopindika ngati nthochi,
ine ndemwe, kamera ili kumaso.

Galasi lilibe nkhope yakeyake.
Limangobwereka.
Ukalipenyetsetsa limakuululira malata a denga lako,
kalendala ya chaka chatha,
ndi beseni lija umatchera podontha.

Che Mdoka, amene ankajambula maukwati kuseri kwa msika
filimu isanathe ntchito,
anandiuzapo tikudikira mvula kuti ikate:
"Galasi usamaliwalitse, mwanawe.
Walitsa zimene zili kumbuyo kwake.
Lili ngati mkamwini,
umalidziwa poona kumene lachokera."

Ndiye ndazimitsa nyale.
Ndakokera tebulo pazenera loyang'ana kuphiri.
Ndi Juni, nkhungu yatsika mpaka ku Mulunguzi,
yameza mikungudza, yasefa dzuwa
kuposa nsalu iliyonse imene ndingagule.
Komabe ndapachika shiti yoyera,
ndaipana ndi mapegi a zovala.

Kuwala kwalowera kumsana kwa vinyo.
Taonani!
Wadzuka. Wafiira ngati chala
chimene mwana waphimba nacho tochi.

Koma m'mphepete mwa tambula mwasowa,
mwasungunuka m'kuyera.
Apa mpamene pafunika mdima.
Ndang'amba katoni ya sopo pakati,
ndakuta mbali zonse ndi nsalu yakuda,
ija amayi anavala chaka chathunthu bambo atatisiya,
bambo amene botolo linawadziwa bwino kuposa ife.
Ina kumanja, ina kumanzere,
ndikusendeza pang'onopang'ono, chala chimodzi, zala ziwiri,
mpaka mizere iwiri yopyapyala yatsika
kuchokera kumlomo, kudzera m'chiuno, kufika kuphazi.
Tambula yaima. Mdima ndiwo waipatsa thupi.

Sindinaganize kuti nsalu imeneyi
idzagwiranso ntchito ina m'nyumba muno.

Botolo ndi louma mutu, silolola msanga.
Ndadula kapepala konyezimira ka m'paketi ya tiyi,
ndakabisa kuseri kwake, kopendekeka,
kuti kabe kuwala kwa pazenera
n'kukuponyera m'mimba mwa chidede.
Ntchentche yatera pamlomo. Tadikira.
Thovu laphwa. Tathiranso.
Mabulosi amene ndagula kwa anyamata a mumsewu wa kuphiri
ayamba kudontha pathebulo,
Mayi Nachuma adyapo atatu poganiza kuti sindikuona.
Tambula yawaona.

Magetsi athawa nthawi ya naini,
tazindikira masana, firiji ya oyandikana nawo italeka kulira.

Kenaka ndikukuza chithunzi pakamera
ndaona chidindo cha chala chachikulu
pamwamba penipeni pa vinyo,
mizere yake yozungulira ngati mizere ya m'munda wa m'phiri,
ndi kachipsera kodula pakati.
Ndatenga kansalu kuti ndipukute.
Iwo agwira dzanja langa:
"Mpeni umenewo unandicheka chaka chimene ndinayamba.
Jambulani kaye chomwecho."

Ndajambula ziwiri.
Choyera chipita pa lebulo,
chikayesedwe mtengo ndi anthu osatidziwa.
Cha chala chija akuti akachipachika pabalaza.

Apita, andisiyira botolo lotsegula
ngati mbali ya malipiro.
Ine sindimwa.
Ndaliika pazenera pomwepo,
ndipinda nsalu ya amayi,
ndikuonerera kufiira kukucheperachepera
pamene phiri likubweza dzuwa lake.